Penti sachiza dzimbiri

Munthu akaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi kuchokera paboma la Mangochi n'kulunjika kummawa, msewu suchedwa kuyamba kukwera phiri. Umakhotakhota mpaka kwa Chowe, n'kupitirira ku Namwera ndi kuchipata cha Chiponde, komwe tsidya lake ndi Mandimba, m'dziko la Mozambique.

Masiku ano mumsewuwu muli maminibasi, tigalimoto ta Sienta komanso njinga zamoto za kabaza zosawerengeka. Koma mayi amene ali ndi madengu atatu a usipa, mlimi amene wagula matumba a feteleza, kapena banja lomwe likuthamangira kuchipatala ndi wodwala wosatha kukhala tsonga, onsewa amadikirabe galimoto imodzi: pick-up yakale ya matola. Ikasiya phula n'kulowa m'misewu yafumbi ya m'midzi ya Mfumu Yaikulu Chowe, kapena kutsikira kugombe la kummawa kwa nyanja ya Malombe, ilibe inzake.

N'chifukwa chake nkhani ya bodi ya galimotozi, kumbuyo komwe kumakhala anthu ndi katundu, siyofunika kuisiya m'manja mwa eni galimoto ndi owotcherera okha. Ikukhudza aliyense amene amakwera.

Galimoto ikaima pasiteji, wokwera wochenjera amayang'ana matayala. Wina amamvetsera kulira kwa injini. Wapolisi pamsewu amafunsa ziphaso ndi inshuwalansi. Koma ndi angati amene amasuntha thumba kapena kutukula thabwa lomwe layalidwa pansi kuti aone chomwe labisa? Pagalimoto zina pansi pa thabwalo pamakhala chibowo choti mwendo wa mwana n'kulowa, ndipo kunsi kwake tayala likuzungulira.

Ngakhale ngozi yaikulu isachitike, bodi yodyeka imalanga anthu tsiku ndi tsiku. Imang'amba matumba a ufa ndi zitenje. Imalowetsa fumbi ndi utsi wa injini pomwe pakhala makanda. M'mphepete mwake mwakuthwa mumacheka zala ndi akakolo, ndipo bala lakuya lomwe lalowa dothi ndi khomo la kafumbata kwa munthu amene sadabayitse katemera.

Galimoto zambiri zoterezi zidabwera ndi anyamata a ku Joni. Boma la Mangochi ndi lodziwika ndi maulendo a ku South Africa, ndipo kwa zaka zambiri chizindikiro choti mnyamata wayenda bwino chakhala kubwera ndi bakkie, monga amaitchulira kumeneko, itasenza mafiriji, njinga ndi mipando mpaka kumwamba. Ikatsitsa katunduyo imayamba matola. Pali ma Toyota Hilux, ma Isuzu KB, ma Mazda, ma Nissan Hardbody, komanso kaja kakang'ono ka Nissan 1400 komwe fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, idasiya kupanga mu 2008. Apa ndiye kuti ngakhale komaliza kutuluka m'fakitalemo kadapitirira kale zaka 15 kali pamsewu, ndipo tina n'takale kuposa madalaivala ake.

Zina zimachokera ku Japan ndi ku Britain kudzera m'madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Beira. Kumadera ozizira a mayikowo amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu kuti madzi oundana asungunuke, choncho galimoto ina imafika kuno ikuwala pamwamba pomwe kunsi dzimbiri lidayamba kale ntchito.

Ena amadabwa kuti dzimbiri lichuluka bwanji ku Mangochi pomwe madzi a nyanja ya Malawi ndi Malombe alibe mchere ngati a ku Beira kapena Durban. Yankho lili m'katundu amene galimotozi zimanyamula.

Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Mukakhala mchere kapena mankhwala ena osungunuka m'madzimo, ntchitoyo imathamanga. Tsono taganizani za bodi yomwe mmawa yanyamula nsomba zaziwisi, madzi ake onanda akudontha kuchokera m'madengu ndi m'mabeseni. Masana yanyamula feteleza, thumba limodzi lobooka n'kumwaza timibulu m'makona. Madzulo anthu akwera ndi matope kumapazi. Feteleza monga urea ndi CAN amakoka chinyontho mumpweya, choncho pomwe wagwera sipauma msanga ngakhale dzuwa la ku Mangochi liswe mtengo. Alimi akudziwa: khasu kapena wilibala yomwe yagona ndi feteleza sichedwa kufiira.

Kubonyoka nako sikungoipitsa maonekedwe. Migolo, njerwa, nkhuni ndi mabokosi zikamaponyedwa m'bodi, chitsulo chimalowa pansi, penti amasweka, ndipo pamalopo pamasanduka kachithaphwi. Opanga galimoto adasiya timabowo kutsogolo kwa bodi kuti madzi azitulukira, koma pamatola ambiri timabowoto tidatsekeka kalekale ndi dothi, mamba a nsomba ndi gaga. Galimoto ikaimikidwa mphuno italoza kumtsetse, mvula ya usiku umodzi imagona momwemo.

Choipa cha dzimbiri n'chakuti limadya mobisa ngati chiswe. Limayambira kunsi, molumikizana malata, pamwamba pa mitanda yomwe imanyamula bodi, ndi kuseri kwa matayala komwe matope amamatirira. Likamakula limafufuma n'kutukula penti. Pomwe mwini galimoto akuyamba kuona timatuza papenti, chitsulo cha pansi pake chimakhala chitapyapyala kale.

Apa ndi pomwe pamayambira chinyengo.

Pali phala lina lomwe amisiri owongola galimoto amalitcha fila. Amalisakaniza ndi mankhwala olimbitsa n'kulimata, ndipo pakangopita mphindi zochepa limauma gwa. Ntchito yake yeniyeni ndi kusalaza timaenje ting'onoting'ono tomwe tatsala mmisiri atawongola chitsulo ndi nyundo, ndipo liyenera kupakidwa mopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, pachitsulo chopalidwa bwino. Koma chomwe chimachitika m'magalaja ena n'china. Chibowo amachitseka ndi kachidutswa ka lata, sefa ya pawindo, mwinanso katoni imene, n'kumata fila wochindikala ngati chala, kusalaza ndi sandipepa, n'kupopera penti. Galimoto imatuluka ngati mkwatibwi.

Fila alibe mphamvu yonyamula katundu, komanso amamwa madzi. Akamatidwa padzimbiri amasunga chinyontho pachitsulo, ndipo dzimbiri limapitiriza kudya m'kati popanda woliona. Galimoto ikangotha dzinja limodzi m'mabampu, chigamba chonse chimang'aluka n'kugwa ngati nkhanambo. Mwini galimoto walipira, koma chibowo chakula kuposa kale. Ndipo ngati cholinga chidali kugulitsa, wogula wagula phala pamtengo wa chitsulo.

Kukonza kwenikweni kulipo, ndipo amisiri odziwa ntchito m'boma la Mangochi akukudziwa. Kungoti sikofulumira.

Poyamba amatsitsa zonse m'bodi, matabwa ndi mphira zomwe, n'kuitsuka pamwamba ndi kunsi. Kenako mmisiri amatenga kanyundo kapena msomali waukulu n'kumagogoda malo onse okayikitsa. Chitsulo chabwino chimalira momveka. Chodyeka chimalira mogontha, mwina msomali n'kungolowa. Pomwe dzimbiri langodetsa pamwamba, bulashi ya waya ndi sandipepa zimakwana, bola apale mpaka chitsulo chiwale. Pomwe lakumba timaenje koma chitsulo chikadali cholimba, amapala n'kupaka mankhwala a asidi ogulitsidwa m'mahadiweya, amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala kachikopa kakuda. Koma pomwe pabooka kapena papyapyala palibenso mankhwala. Mpofunika kudula.

Kudula kwakenso n'kopitirira malire a chibowo, mpaka pofika chitsulo chamoyo mbali zonse. Apa eni galimoto ambiri amakwinya nkhope chifukwa chibowo chomwe chimaoneka ngati ndalama yachitsulo chimasanduka chachikulu ngati mbale. Mmisiri asachite nazo manyazi. Kuwotcherera chigamba pachitsulo chodyeka kuli ngati kufolera denga pansichi zofumbwa.

Chigamba chizikhala cha chitsulo chochindikala mofanana ndi chakale, chodulidwa molingana ndi bowolo. Ena amangosanjika lata pamwamba pa chibowo n'kuwotcherera m'makona anayi. Pakati pa malata awiriwo pamalowa madzi, ndipo posakhalitsa onse awiri amakhala atadyeka. Malata ofolerera nyumba ndiye asayerekeze n'komwe. Ndi opyapyala, ndipo utsi woyera womwe amatulutsa akamawotchedwa umadwalitsa wowotchererayo: mutu, kuphwanya m'thupi ndi kutentha thupi.

Pansi pa bodi pali mizere yotukuka yomwe ena amayesa ndi yokongoletsa. Ayi, ndiyo imalimbitsa lata kuti lisamapindike. Mmisiri wabwino amaipinda pachigamba chake, kapena amakagula chidutswa cha bodi ya galimoto yofanana nayo kwa ogulitsa zida za galimoto zakufa. Ngati pansi ponse patheratu, ena amayala chitsulo cha madonthomadontho chija chotchedwa checker plate. Ndi njira yabwino ngati chakalecho chachotsedwa, kapena chapalidwa ndi kupakidwa. Mwini galimoto akumbukirenso kuti kulemera kwa chitsulo chatsopanocho kwadya gawo la katundu amene galimoto ikadanyamula.

Powotcherera pamafunika kudekha. Lata la bodi ndi lopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, choncho moto ukachuluka limabooka kapena kupindika. Odziwa amawotcha kadontho apa, kadontho apo, n'kumasiya kuti pazizire. Asanayatse moto amachotsa batire, n'kuona pomwe pali thanki ya mafuta ndi mapaipi ake, pakuti pama pick-up ambiri thanki imakhala kunsi kwa bodi komweko. Thanki ya petulo yomwe yatha mafuta ndiye yoopsa kwambiri chifukwa imadzaza mpweya womwe umaphulika ndi kamoto kamodzi kothetheka. Galaja yomwe imawotcherera bodi ana akuonerera chapafupi, popanda ngakhale chidebe cha mchenga, ikuseweretsa miyoyo.

Pobonyoka amawongola ndi nyundo atatsamiza chitsulo cholemera kuseri, kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Lata likabwerera m'malo mwake, apo ndiye fila angalowe, pang'ono pokha. Kenako penti woyamba woteteza ku dzimbiri, monga wofiira uja wa red oxide, mbali zonse ziwiri. Mbali ya kunsi ndi yomwe imaiwalika kawirikawiri popeza palibe amaiona, chonsecho moto wowotcherera umapsereza penti wa kumeneko, ndipo ndi komwe matope amafikira. Molumikizana malata amamatamo kuti madzi asalowe. Penti wowala, amene mwini galimoto amafunsa tsiku loyamba, ndiye womaliza.

Koma lata la pansi si mathero a nkhani. Pama Hilux ndi ma Isuzu, bodi imakhala pamitanda, ndipo yonseyo imagwidwa kuchasisi ndi mabawuti ochepa chabe. Mabawutiwo akadyeka, kapena pomwe amanga pakawola, bodi imayamba kugwedera. Ena amaimanga ndi waya kapena chingwe cha mphira. Pamsewu wa pachidikha zimenezi zingapite, koma pamakona otsika phiri kuchokera kwa Chowe kulowera ku Shire, dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, kulemera konse kwa anthu ndi matumba kumakankha mabawuti omwewo. Pa Nissan 1400 nkhani ndi yovutirapo chifukwa bodi ndi kutsogolo n'chinthu chimodzi. Dzimbiri likafika pomwe pagwira masipuling'i, lafika pamsana pa galimoto.

Zitsulo za m'mbali zomwe okwera amagwira kapena kukhalira, komanso mahinjesi ndi zotsekera za chitseko chakumbuyo, nazo n'zofunika diso. Pamatola chitseko chakumbuyo ndi mpando wa anthu atatu kapena anayi, miyendo ili lende. Sichidapangidwire zimenezo.

Masamu ake ndi osavuta. Pick-up ya tani imodzi idapangidwa kuti inyamule katundu wolingana ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Anthu 15 olemera makilogalamu 60 aliyense ndi makilogalamu 900, katundu wawo asanakwere. Ka 1400 kaja mlingo wake ndi pafupifupi theka la tani. Ndipo milingo imeneyi adaiwerengera chitsulo chatsopano, osati chomwe chakhala chikugona ndi feteleza zaka 20.

Eni galimoto ali ndi dandaulo lawo, ndipo ndi lomveka. Chitsulo, penti, ndodo zowotcherera ndi fila, zambiri zimachokera kunja. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya m'mahadiweya idatsatira. Galimoto ikagona pagalaja sabata yathunthu, banja la mwini wake, la dalaivala ndi la kondakitala onse amagona ndi njala. Magetsi akazima wowotcherera amangopinda manja, masiku n'kumawonjezereka. Munthu wotere ukamuuza za penti wa kunsi kwa bodi amaona ngati ukumuseka.

Komabe kuchepa kwa ndalama kusinthe dongosolo la ntchito, osati kuisandutsa bodza. Amene sangathe kukonza zonse nthawi imodzi ayambe ndi mabawuti, mitanda ndi chitseko chakumbuyo. Mwezi wotsatira atseke zibowo za pansi. Kubonyoka kwa m'mbali ndi penti wowala zidikire ngakhale chaka. Galimoto ya zigamba zofiira koma yolimba iposa yonyezimira yomwe ili ndi katoni m'mimba. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amayambira kumapeto: ndalama yoyamba imapita ku penti ndi mawu olembedwa kumbuyo, otamanda Mulungu kapena onyoza ansanje.

Palinso zambiri zosalira ndalama. Bodi itsukidwe ndi madzi tsiku lomwe yanyamula nsomba kapena feteleza, ndipo timabowo totulukira madzi titokosedwe ndi kawaya. Pansi pa matumba payalidwe lona kapena pulasitiki. Mphira ndi matabwa oyalidwa pansi amatetezadi ku kubonyoka, koma amasunga madzi, choncho azitukulidwa kuti paume. Usiku galimoto iziimikidwa mphuno ili kumtunda. Madalaivala akale ankapaka oyilo wakutha kunsi kwa galimoto mvula isanayambe. Amathandizadi, bola asakhudze mabuleki ndi mphira, ndipo asatayikire m'madzi omwe anthu amamwa ndi kuwedzamo. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu: kadontho ka dzimbiri komwe lero kakungofuna sandipepa, chaka chamawa kadzafuna wowotcherera.

Nanga amisiriwo? Ambiri mwa anyamata owotcherera ndi kuwongola galimoto m'misika ya Mangochi, Namwera ndi Chiponde adaphunzira ntchito poonera, ena m'magalaja a ku Johannesburg ndi Durban. Luso ali nalo, ndipo ena amachita zodabwitsa ndi zida zochepa. Chomwe chimasowa ndi maphunziro a chitetezo ndi a katetezedwe ka chitsulo, komanso chiphaso chomwe chingasiyanitse mmisiri ndi womata. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, komanso sukulu za ntchito zamanja za m'madera zomwe boma lidayamba kutsegula mu 2015, zilipo kaamba ka anthu ngati amenewa. Maphunziro a masabata ochepa ochitikira pomwe amisiriwa amagwirira ntchito angapindule kuposa kuyembekeza kuti asiye makasitomala n'kukakhala m'kalasi zaka.

Mmisiri aphunzirenso kukana. Kasitomala akabwera n'kunena kuti angomata chifukwa mawa akukayezetsa galimoto, kapena chifukwa kwapezeka wogula, yankho la mmisiri wodzilemekeza ndi ayi. Tsiku lomwe chigambacho chidzagwe, dzina lomwe lidzatchulidwe pasiteji ndi lake.

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale yoyenera kuyenda, ndipo ndi chifukwa chake pali chiphaso cha COF pansi pa nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Kuyeza koona kusathere pa mabuleki, magetsi ndi hutala. Woyeza agwade, aone kunsi, agogode mitanda, agwedeze bodi. Pick-up yakale isapatsidwe chiphaso matabwa a pansi asanatukulidwe.

Ena anganene kuti nkhani yonseyi njosafunika popeza malamulo salola kale kuti galimoto ya katundu izinyamula anthu olipira popanda chilolezo, ndipo apolisi amagwira ochita zimenezi. Zoona. Koma matola adayamba chifukwa basi sizifika kumidzi, ndipo sadzatha ndi chindapusa pokhapokha anthuwo atapeza china chokwera iwo ndi madengu awo. Kufikira tsikulo, kunamizira kuti kumbuyo kwa pick-up kulibe anthu sikupulumutsa aliyense.

Pamasiteji pamakhala makomiti a madalaivala omwe amasunga mzere ndi kutolera ndalama. Makomiti omwewo angathe kugwirizana kuti galimoto ya chibowo pansi, kapena ya chitseko chomangidwa ndi chingwe, isalowe pamzere mpaka itakonzedwa. Mafumu a kwa Chowe, omwe ndi amene amakakhala pasiwa ngozi ikachitika, asatope kuikumbutsa nkhaniyi pamisonkhano yawo.

Wogula galimoto yakale naye asapusitsidwe ndi kuwala. Atenge kamaginito ka m'sipika yakufa ya wailesi, akakulunge m'kansalu, n'kumakayendetsa m'mbali mwa bodi. Pachitsulo kamagwira, pa fila wochindikala kamagwa. Akatero agone chagada ndi tochi ya foni, ayang'ane mitanda ndi mabawuti. Wogulitsa akayamba kufulumiza, kapena kukana kuti thabwa litukulidwe, wayankha kale.

Miyezi ya September ndi October, pomwe chitsulo chili chouma ndipo penti sachedwa kuuma, ndiyo nthawi yoti ntchitoyi igwiridwe. Mvula ikangogwa mu November kapena December, galimoto zomwezi zimayamba kukwera chitunda cha kwa Chowe zitasenza feteleza ndi mbewu, eni matumba atakhala pamwamba pake.